Dimba la m'galasi: kugula n'kosavuta, kusamala ndiye nkhani

M'malokeshoni mwathu muno mu Lilongwe mwayamba kupezeka chinthu chomwe kale tinkangochiona m'mahotela ndi m'maofesi a mabwana: thanki ya galasi yosungiramo nsomba zokongoletsa. Mukaipeza m'saluni ku Kawale, pometera ku Biwi, pabalaza la wina ku Area 23. Zambiri mwa izo ndi zophweka: magalasi omata ndi silikoni, timiyala pansi, kapampu kobwata ndi tinsomba tingapo. Koma achinyamata omwe amakhalira pa YouTube ndi TikTok aona zina. Aona mathanki ooneka ngati dimba la m'dzinja, kapinga atayala pansi ponse, masamba ofiira ndi obiriwira akugwedezeka, timathovu tikukwera ngati m'botolo la chakumwa chongotsegula kumene. Nawonso akufuna zomwezo.

Chomwe makanemawo saonetsa kawirikawiri ndi zomwe zili m'kabati pansi pa thankiyo. M'menemo mumakhala silinda ya mpweya wa carbon dioxide, womwe ambiri amangouti CO2, pamodzi ndi tizipangizo take. Ine ndasunga nsomba kwa zaka zingapo kuno ku Area 25, ndipo funso lomwe ndikulandira kwambiri masiku ano ndi lakuti: "Achimwene, silinda ija ikupita pa zingati?" Yankho langa limawakhumudwitsa. Ndimawauza kuti mtengo wogulira ndi nkhani yaing'ono. Zofunika kudziwa ndi zakuti idzakudyerani zingati mwezi ndi mwezi, mudzakadzazitsa kuti ikatha, nanga magetsi akazima nsomba zanu zidzakhala bwanji. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Mpweyawu ndi wa ntchito yanji?

Tonse tidaphunzira ku pulayimale kuti chomera chimapanga chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala, madzi ndi carbon dioxide. Chimanga cha m'munda sichivutika, mpweyawu chimangoupeza pamene chaimapo. Chomera cha pansi pa madzi ndiye chili pa mavuto. Madzi ongokhala amasunga CO2 wochepa zedi, wosafika ngakhale miligalamu imodzi pa lita, komanso mpweya umayenda pang'onopang'ono kwambiri m'madzi. Nsomba zikamapuma zimawonjezerako pang'ono chabe. Koma zomera zonyada zija, zoyala pansi ndi zamasamba ofiira, zimafuna mamiligalamu 20 mpaka 30 pa lita. Silinda imabwera kudzatseka mpata umenewu.

Amene adatchukitsa kalimidwe kameneka ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe adabadwa mu 1954 n'kumwalira mu 2015. Poyamba anali wopalasa njinga pa mipikisano komanso wojambula zithunzi za chilengedwe. Zomera zake zitamakanika kukula, adayesa kuthira m'thanki madzi a soda a m'botolo, ndipo zomerazo zidatsitsimuka. Mu 1982 adakhazikitsa kampani ya Aqua Design Amano, ndipo m'chaka chomwe adamwalira adakonza thanki ya malita 160,000 ku Oceanário de Lisboa m'dziko la Portugal. Zithunzi zomwe zikuzunguza mitu ya achinyamata athu ndi zidzukulu za ntchito yake. Koma tisaiwale kuti lusoli lidakulira m'dziko lomwe magetsi sazimazima ndipo zipangizo zake zimapangidwa konko.

Silinda siyenda yokha

Mpweya wa m'silinda ndi wopanikizidwa koopsa. Mphamvu yake imaposa ya m'tayala la galimoto maulendo opitirira 20, moti sungaulumikize ku thanki chabechabe. Pamafunika regulator yochepetsa mphamvuyo, kampopi kosinthira kuchuluka kwa timathovu, solenoid yotsegula ndi kutseka mpweya pogwiritsa ntchito magetsi, timer yoiuza nthawi, kavalavu koletsa madzi kubwerera m'payipi, ndi diffuser, kambale ka dothi lowotcha komwe kamaphwanya mpweya kukhala timathovu ting'onoting'ono kuti usungunuke m'madzi. Palinso kagalasi kotchedwa drop checker, kokhala ndi mankhwala osintha mtundu. Akakhala a buluu ndiye kuti mpweya wachepa, akabiriwira uli bwino, akasanduka achikasu wachuluka ndipo nsomba zili pangozi.

Zipangizo zotere timazipeza kuchokera kunja. Ena amatuma achibale a ku Joni, ena amaitanitsa ku China. Kutanthauza kuti mtengo wake ndi wa ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adagula regulator zisadachitike izi, itawonongeka adapeza kuti yolowa m'malo mwake yakwera kuposa momwe malipiro ake akwerera. Ndipo tizinthuti timatha ndithu. Diffuser imatsekeka ndi ndere, imafunika kuviikidwa mu Jik pakapita masabata angapo n'kutsukidwa bwinobwino isanabwerere m'madzi, ndipo yagalasi sichedwa kusweka potsuka. Kamphira kotseka pakamwa pa silinda kamafunika kusintha pafupipafupi. Mankhwala a mu drop checker amasuluka. Payipi wamba ya pampu imaukha mpweyawu, imafunika yakeyake.

Kuukha ndiye mbala yaikulu. Pakalumikizidwa molakwika pamodzi pokha, silinda yomwe imayenera kukhala miyezi imatha sabata imodzi popanda phokoso. Njira yoyesera ndi yomwe ija ya okonza njinga pofufuza pomwe chubu chaboola: pakani madzi a sopo polumikizira paliponse, pomwe patuluke thovu ndi pomwe ndalama zanu zikuthawira.

Mukadzazitsa kuti?

Gasi wophikira tsopano akupezeka m'malo ambiri m'tauni muno, ndiye ena amaganiza kuti CO2 n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. Ndi mpweya wina, silinda ina, mphamvu ina, ndipo musayerekeze kugwiritsa ntchito silinda kapena regulator ya gasi wophikira. Ogulitsa CO2 ndi makampani a mpweya wa m'mafakitale monga Afrox, komanso ena mwa omwe amakonza ndi kudzaza zozimitsira moto. Makasitomala awo enieni ndi owotcherera zitsulo, opanga zakumwa ndi mabala ogulitsa mowa wa pampopi, osati ife a tinsomba. Choncho musanagule, pitani kaye mukafunse: kodi amadzaza silinda yaing'ono? Kodi amafuna umboni woti silindayo idayesedwa mphamvu? Nanga mazinga a pakamwa pake akugwirizana ndi makina awo? Funso lomalizali si lamasewera. Masilinda a ku America amakhala ndi mazinga a mtundu wa CGA320, pomwe a ku Ulaya ndi mayiko ena ambiri ndi a W21.8. Regulator ya mtundu umodzi silowa pa silinda ya mtundu winawo. Safunsa adadya phula.

Pamtengo wa mpweyawo onjezanipo thiransipoti. Munthu wa ku Chinsapo wopita kukadzazitsa mbali ya ku Kanengo akwera maminibasi awiri popita, awiri pobwera, atanyamula chitsulo cholemera chomwe sichifuna kugwetsedwa kapena kusiyidwa padzuwa. Mwina auzidwa kuti aisiye abwere mawa. Tsiku la ntchito lapita, ndipo masiku onse omwe silinda palibe zomera zili ndi njala. N'chifukwa chake ochita zimenezi mwakhama amakhala ndi masilinda awiri. Ndalama zinanso zimenezo.

Nanga imakhala nthawi yaitali bwanji? Tiyeni tiwerengere limodzi. Thanki ya malita 100 imafuna magalamu 3 okha a CO2 kuti ifike pa mamiligalamu 30 pa lita. Koma mpweya wambiri umathawira pamwamba pa madzi ndipo wina zomera zimadya, ndiye uyenera kumalowa maola onse omwe nyale yayaka. Tinene kuti ikudya magalamu 10 mpaka 15 patsiku. Silinda ya makilogalamu 2 ikhala masiku 130 mpaka 200, ngati palibe poukha. Ndiko kuti maulendo awiri kapena atatu pachaka. Thanki ikakula kawiri, maulendonso awirikiza.

Pali msampha wina apa. CO2 wa m'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo geji siitsika mpaka madziwo atatheratu. Muvi umangoloza pamodzimodzi kwa miyezi, kenaka n'kugwa m'masiku ochepa. Njira yodalirika ndi kuika silinda pa sikelo n'kuchotsera kulemera kwa chitsulo chake, komwe kumalembedwa pakhosi pake. Maregulator ambiri otchipa amalephera kugwira mpweya mphamvu ikatsika chonchi, ndipo amatha kukhuthulira wotsalawo m'thanki nthawi imodzi. Munthu amachoka m'mawa nsomba zikusewera, pobwera madzulo zonse zagada. Choncho muvi ukangoyamba kutsika, tsekani mukadzazitse, musadikire kuti mpweya utheretu.

Njira ya shuga ndi yisiti

Ambiri akamva zonsezi amati, "Basi ine ndingopanga wanga." N'zotheka. Aliyense amene adaimapo pafupi ndi mbiya ya mowa wa masese ukuwira adauonapo mpweyawu, thovu lija ndi CO2 yemweyo. Mumatenga botolo la pulasitiki la malita 2, makapu awiri a shuga omwe ndi magalamu pafupifupi 400, theka la kasupuni ka yisiti ndi madzi ofunda, n'kulumikiza kapayipi kuchokera pa chitsekerero kupita m'thanki. Poyambira n'potchipa zedi, ndipo pa kathanki ka malita 40 kapena 60 zimathandiza.

Koma tiwerengerenso. Yisiti ikadya kilogalamu imodzi ya shuga, mpweya womwe ingatulutse sungapitirire theka la kilogalamu, zotsalazo zimasanduka mowa. Ndipo mowawo ukachuluka umapha yisiti yomweyo shuga asanathe. Botolo limodzi limagwira ntchito masabata awiri kapena atatu. Thanki ya malita 100 imafuna mabotolo awiri, kutanthauza makilogalamu 14 mpaka 21 a shuga pachaka. M'dziko lomwe timalima nzimbe ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima koma mu 2024 tidaima pamizere kufuna paketi imodzi, shuga ameneyu si wosewera naye. Tsiku lina mudzamva mayi a kunyumba akufunsa kuti, "Bambo a mwana, shuga wa tiyi wa ana uja walowera kuti?" Yankho loti adya ndi maluwa a m'madzi silidzamveka bwino.

Vuto lalikulu la yisiti si mtengo wokha. Yisiti ilibe swichi. Imatulutsa mpweya usana ndi usiku, pomwe zomera zimaugwiritsa ntchito nyale ikayaka basi, maola 8 mwa maola 24. Wotsalawo umangotayika kapena kuunjikana m'madzi. Mukatseka payipi, botolo limafufuma mpaka kuphulika, mowa wosasa uli mbwee pabalaza. Komanso imayendera nyengo: mu October kukatentha imathamanga n'kutha msanga, mu June kukazizira imagona. Botolo likagwa, mowa umatsikira m'thanki n'kupha nsomba, n'chifukwa chake pamafunika kabotolo kachiwiri pakati kogwira zotayikazo.

Pali njira yapakati, yosakaniza citric acid ndi soda wophikira m'mabotolo awiri kapena m'kachitsulo kopangira zomwezo. Magalamu 200 a soda ndi 200 a asidiyo amapereka mpweya wa magalamu pafupifupi 100. Pa thanki yathu ija ya malita 100, umenewu ndi wa sabata imodzi kapena masiku 10. Ubwino wake ndi woti umatsekeka usiku. Kuipa kwake ndi koti muzisakaniza katatu kapena kanayi pamwezi, ndipo asidiyo sapezeka pa okala ya pafupi.

Mpweya umabwera ndi abale ake

Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu ya haibulidi yopanda feteleza sibereka mokwanira. Ukathira feteleza mvula osagwa, wataya ndalama. Katswiri wa ku Germany Justus von Liebig adatchukitsa lamulo limeneli m'zaka za m'ma 1800: chomera chimakula molingana ndi chinthu chomwe chikuperewera kwambiri. M'thanki n'chimodzimodzi. Mukawonjezera CO2, zomera zimathamanga, ndiye zimafuna nyale yamphamvu, feteleza wochuluka ndi madzi atsopano pafupipafupi. Chimodzi chikangoperewera, wopambana ndi ndere.

Tiyambe ndi magetsi. Nyale ya LED ya mawati 30 yoyaka maola 8 patsiku imadya mayunitsi 7 pamwezi. Fyuluta ya mawati 10 yoyenda usana ndi usiku imadyanso 7. Ndi solenoid yomwe, tinene mayunitsi 15. Ndiye pali hita. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, pomwe nsomba zokongoletsa zambiri zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26. Hita ya mawati 100 ikamayaka theka la nthawi imawonjezera mayunitsi 36. Ndiko kuti m'miyezi yozizira thanki yokha ikhoza kudya mayunitsi 50. Ngati mumagawana mita ndi alendi anzanu, konzekerani msonkhano wa pabwalo.

Kenaka madzi. Thanki yothiridwa mpweya ndi feteleza wambiri imafuna kusintha pafupifupi theka la madzi ake sabata iliyonse. Pa malita 100, amenewo ndi malita 200 pamwezi, zigubu 10 za malita 20. Kwa amene ali ndi mpopi pakhomo, ndi kabilu kowonjezera. Kwa wa ku Mgona kapena mbali zina za Chinsapo yemwe amagula madzi pa kiosiki, ndi ndalama komanso msana wa wosenza. Madzi a m'mipopi amathiridwa klorini kuti ife tisadwale, koma klorini yemweyo amapha nsomba. Amafunika kukhala m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena kuthiridwa mankhwala ochotsa klorini, omwenso ndi ogula.

Feteleza wake ndi wapadera, wokhala ndi nitrogen, phosphorus, potassium ndi ayironi m'milingo yoti nsomba zisavulale. Musayese kutapa yuriya wa m'thumba la kumunda, chifukwa m'madzi amasanduka ammonia, poizoni wa nsomba. Pomaliza pali nthawi. Zomera zokhuta mpweya zimafuna kudulira sabata ndi sabata, magalasi kupala, fyuluta kutsuka. Loweruka lanu m'mawa lapeza mwini wake. Mukapita ku maliro kumudzi masiku asanu, pafunika munthu wodziwa kuwerenga mtundu wa kagalasi kaja, osati wongowaza chakudya.

Magetsi akazima

Apa ndi pomwe nkhani ya kuno imasiyanirana ndi ya m'makanema. Mu January 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adadzayambiranso mu 2023. Tonse tidaona momwe maola a mdima adatalikira. Amene akuganiza zoika mpweya m'thanki adzifunse kuti chaka ngati chimenecho chitabweranso atani.

Kwa wa silinda, poyamba zimaoneka bwino, chifukwa solenoid imadzitseka yokha magetsi akachoka. Koma timer yozungulira ija nayo imaima. Magetsi akabwera pakatha maola 6, wotchi yake yatsalira maola 6, ndipo mpweya ndi nyale zimadzayaka nthawi yolakwika. Mukapanda kuikonza, tsiku lililonse limakhala ndi ndondomeko yake. Zomera zimadana ndi kusinthasintha koteroko, pomwe ndere zakuda zonga ndevu, zomwe zimamera m'mphepete mwa masamba, zimakondwera nako. Mankhwala ake ndi timer yokhala ndi batire m'kati, kapena kulumikiza thanki yonse ku sola ndi inverter. Muone pomwe mtengo wa kathanki kaja wafika.

Kwa wa yisiti ndiye zoopsa. Magetsi azima 10 koloko usiku, fyuluta yaima, madzi ali zii osagwedezeka, koma botolo likupitiriza kupopa. Mumdima zomera nazo zimasiya kutulutsa okosijeni, zimayamba kuupuma ngati nsomba zomwe. CO2 akachuluka m'madzi, magazi a nsomba amalephera kutaya mpweya woipa ndi kunyamula wabwino. Mukaziona zili pamwamba kukamwa yasa, kapena zikuyenda ngati zaledzera, zulani payipi ya mpweya nthawi yomweyo, tungani madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti avunduke, ndipo ngati muli ndi madzi okonzeka sinthani ena. Kapampu ka mabatire n'kofunika kuposa chokongoletsa chilichonse chomwe mungagule. Usiku wa mu October ndiye woopsa koposa, poti madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa.

Anthu a m'nyumbamo nawonso tisawaiwale. Makilogalamu 2 a CO2 akatuluka onse amadzaza malita opitirira 1,000. M'chipinda cha mamita 3 mbali zonse ziwiri chotsekedwa mawindo, umenewu ndi pafupifupi 5 peresenti ya mpweya wonse, wokwanira kupweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire ndi kubanikitsa. Ulibe fungo, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye umayamba wadzaza pansi, pomwe ana athu amagona pa mphasa. Silinda isakhale m'chipinda chogona. Iime chilili, yomangiriridwa kuti isagwe, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, komanso pomwe tiana sitingafike kukapotokola.

Nsomba za kwathu sizifuna zimenezi

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti tikuvutikira kutsanzira dimba la ku Japan pomwe dziko lonse limasirira zomwe zili ku Salima, ulendo wa maola awiri okha kuchoka pano. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mazanamazana, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsombazi. Kuyambira m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza mbuna ndi nsomba zina kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Salima, ndipo nsomba ya Aulonocara stuartgranti idatchedwa dzina lake. Ina, Chindongo saulosi ya ku Taiwanee Reef, idatchedwa polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi yemwe ankamira pansi pa nyanja kugwira nsombazi. Lero ku Germany, ku America ndi ku Japan komweko kuli anthu omwe amanyadira thanki ya mbuna kuposa galimoto yawo.

Tsono mbuna ndi silinda sizigwirizana. Madzi a m'nyanja yathu ali kumbali ya chidulo, osati ya mandimu. Pa muyeso wa pH, pomwe 7 ndi pakatikati, iwo amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. CO2 akasungunuka amasanduka asidi wofooka, ndipo mlingo wa mamiligalamu 30 uja umatsitsa pH ndi pafupifupi 1. Ndiko kuti mukulipira ndalama kuti muwononge madzi omwe nsombazo zimakonda. Komanso mbuna ndi nsomba za m'miyala. Zimadya ndere zomera pa miyala, zimakumba mchenga, ndipo kapinga wanu wodula uja zimamuzula tsiku limodzi. Thanki yake imafuna mchenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino, miyala younjika kuti pakhale mapanga, fyuluta yabwino ndi malo okwanira, malita 200 kapena kuposa, poti ndi zandewu. Ndere zomwe wa dimba uja akulimbana nazo, kwa mbuna ndi ndiwo.

Ngati mukufuna kubiriwira ndithu, nyanja yomweyo ili ndi yankho. Vallisneria, udzu wautali wonga maliboni womwe umamera m'malo osaya a mchenga, umatha kutenga kaboni kuchokera ku michere ya bicarbonate yomwe ili kale m'madzi otere, ndiye sudalira silinda. Anubias wa kumadzulo kwa Africa ndi Java fern ali ndi masamba olimba omwe nsomba zambiri zimawasiya, ndipo amangomangiriridwa pa mwala. Chenjezo n'lakuti nsombazi muzigula kwa oweta kapena ogulitsa omwe ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya Nsomba. M'paki muja n'zoletsedwa kugwira. Chindongo saulosi yomwe ija tsopano ili pa mndandanda wa IUCN wa nsomba zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu, ndipo kugwira mopyola muyeso pofuna msika wa mathanki ndi komwe kudaifikitsa pamenepo.

Dimba la makolo

Kwa ofuna zomera zambiri ndi tinsomba tofatsa monga guppy ndi platy, pali njira ina yomwe Diana Walstad wa ku America adailongosola m'buku lake la Ecology of the Planted Aquarium, lomwe lidatuluka mu 1999. Pansi pa thanki mumayala dothi la masentimita 2 kapena 3, lopanda feteleza, manyowa aawisi kapena mankhwala a mbewu, n'kulikwirira ndi mchenga wokhuthala chimodzimodzi. Zinyalala za m'dothimo zikamawola pang'onopang'ono zimatulutsa CO2, nsomba zimapereka manyowa, zomera zimayeretsa madzi. Nyale yake ndi yapakatikati, madzi sasinthidwa pafupipafupi, ndipo magetsi akazima maola angapo thanki simva kanthu kwenikweni, bola nsomba zisachuluke. Simudzapeza kapinga wa m'makanema uja, ndipo zomera zimakula mwaulesi. Koma ndicho chimanga cha makolo: zokolola zochepa, nkhokwe yosafumbwa.

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, zodulira zanu musataye mu Lilongwe, mu Lingadzi kapena m'ngalande. Ziumitseni padzuwa mukatenthe kapena kukwirira. Namasupuni, yemwe amatseka mtsinje wa Shire n'kusokoneza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu adakopeka ndi duwa lake. Nsomba zachilendo n'chimodzimodzi, zisalowe m'mitsinje ndi m'madamu athu.

Sindikunena kuti silinda ndi yoipa. Amene ali ndi sola yodalirika, mpopi pakhomo, podzazitsa podziwika ndi ndalama yapadera ya zopuma, achite, ndipo atiitane tikasirire. Kwa ena tonsefe, langizo langa ndi ili. Yambani ndi thanki yopanda mpweya. Lembani pa pepala mtengo wa lero wa mayunitsi 50, zigubu 10 za madzi, botolo la feteleza, thiransipoti yokadzazitsa ndi kachipangizo kamodzi kosweka, ndipo ndalama imeneyo muziiika padera mwezi uliwonse osaikhudza. Thankiyo idutse kuzizira kwa June ndi kutentha kwa October. Ngati pofika mvula yoyamba nsomba zonse zilipo, ndalama ija ili yonse, ndipo pakhomo palibe amene wadandaula za ndiwo kapena fizi, pitani mukagule silinda yanu. Ngati envelopu yabooka panjira, ndiye kuti mwadziwa yankho popanda kupha nsomba ngakhale imodzi.